Mbusa wa pabwalo la mpira

M'mipingo yathu muli achinyamata ambiri amene ali ndi mtima wofuna kutumikira Mulungu, koma amayesa kuti njira yake ndi imodzi yokha, yovala kolala ndi kuima pagome. Khomo la ubusa likawatsekekera, ena amafooka, ena amaleka ndi kutchalitchi komwe. Lero tiyeni tilingalire moyo wa Amos Alonzo Stagg wa ku America, munthu amene sanadzozedwe ubusa koma anaweta achinyamata kwa zaka 70.

A Stagg anabadwa pa 16 Ogasiti 1862 ku West Orange, m'dera la New Jersey, m'banja losauka. Atate awo anali osoka nsapato. Anaphunzira movutikira kufikira analowa yunivesite ya Yale, komwe anamaliza m'chaka cha 1888, nayamba maphunziro a zaumulungu ndi cholinga chodzakhala mbusa. Pa nthawi yomweyo anatchuka m'masewera. Anali katswiri woponya mpira wa baseball, kotero kuti matimu akuluakulu anawalonjeza ndalama zambiri. Iwo anakana, ngakhale m'thumba munalibe kanthu, pokhulupirira kuti ndalama zimaipitsa masewera. Ankaseweranso mpira wa ku America, wooneka ngati dzira, umene osewera 11 mbali iliyonse amathamanga nawo m'manja ndi kugwetsana. M'chaka cha 1889, pamene akatswiri a m'makoleji a dziko lonselo anasankhidwa koyamba, dzina lawo linali pomwepo.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkawasautsa. Akaima pamaso pa anthu kuti alalikire, mawu sankatuluka bwino. Atadziyesa moona mtima, anavomera kuti mphatso ya ulaliki analibe. Tikumbukire kuti Mose nayenso anadandaula za lilime lake pa Eksodo 4, ndipo Mulungu anampatsa Aroni. Kwa a Stagg yankho linadza mwa njira ina. Anazindikira kuti anyamata amene sakanawamvera pagome ankawamvera pabwalo.

M'chaka cha 1890 anapita kusukulu ya bungwe la YMCA ku Springfield, komwe anayamba kuphunzitsa mpira. Kumeneko anali limodzi ndi James Naismith, amene anayambitsa masewera a basketball mu 1891. Kenaka William Rainey Harper, mphunzitsi wawo wakale wa ku Yale yemwe anakhala mkulu woyamba wa yunivesite ya Chicago, anawaitana. A Stagg anaphunzitsa timu ya Chicago kuyambira 1892 mpaka 1932. Anatenga chikho cha m'chigawo chawo kasanu ndi kawiri, ndipo matimu awo a 1905 ndi 1913 amawerengedwa kuti anali opambana m'dziko lonse. Njira zambiri za kaseweredwe zimene anayambitsa zinatengedwa ndi aphunzitsi ena.

Sankamwa mowa, sankasuta fodya, ndipo pakamwa pawo sipankamveka zotukwana. Ankafuna kuti osewera awo akhale oona mtima ngakhale woimbira sakuona. Komabe tisawasandutse mngelo. Olemba mbiri aonetsa kuti mpira ku Chicago unasanduka gwero la ndalama ndi ulemu wa yunivesite, ndipo ena mwa osewera otchuka ankasungidwa m'timu chikhalirecho m'kalasi akulephera. Munthu amene anakana ndalama ali mnyamata anadzakhala pakati pa malonda aakulu. Ichi ndi chenjezo kwa ife tonse amene timati tikugwira ntchito ya Ambuye: njala ya kupambana imaloweranso m'nyumba ya wopemphera, ndipo imalowa mwakachetechete.

Yeso lalikulu linawapeza ali ndi zaka 70. Malamulo a yunivesite anati apume, ndipo anawapatsa udindo waulemu wopanda timu. Iwo anaukana. Mu 1933 anasamukira ku College of the Pacific, sukulu yaing'ono ya mumzinda wa Stockton ku California. Anasiya bwalo lalikulu lotchedwa ndi dzina lawo, nakayamba ndi anyamata ochepa ndi zipangizo zoperewera. Mu 1943, ali ndi zaka 81, anasankhidwa kukhala mphunzitsi wopambana wa chakacho m'dziko lonse. Atachoka kumeneko mu 1946, anakathandiza mwana wawo kuyunivesite ya Susquehanna ku Pennsylvania mpaka 1952. Atabwerera ku Stockton anapitiriza kulangiza achinyamata a pakoleji ina yaing'ono kufikira 1960, ali ndi zaka 98.

M'zaka zonsezi sanali okha. Mayi Stella, amene anakwatirana nawo mu 1894, ankakhala pambali pa bwalo ndi kulemba mwatsatanetsatane mmene masewera akuyendera, ndipo ankapita kukaona kaseweredwe ka matimu ena. Banja lawo linatha zaka pafupifupi 70. Mayiwo anamwalira mu 1964, ndipo a Stagg anawatsata pa 17 Malichi 1965, ali ndi zaka 102.

Abale ndi alongo, mtumwi Paulo pa 1 Akorinto 12 akutiphunzitsa kuti Mzimu amagawa mphatso zosiyanasiyana monga afunira, ndipo chiwalo chilichonse chili ndi ntchito yake m'thupi. Ife makolo nthawi zina timanyadira mwana wopita kusukulu ya ubusa, nkumayesa wachabe mwana amene mphatso yake ili m'manja kapena m'miyendo. Potero timanyoza Wopatsayo. Mphunzitsi, namwino, mmisiri wa matabwa ndi wophunzitsa mpira amakhala ndi achinyamata maola ambiri pamlungu kuposa mbusa aliyense.

Kwa inu achikulire amene mwapumitsidwa pantchito mphamvu zikadalipo, Salimo 92 likutikumbutsa kuti olungama amabalabe zipatso muukalamba. Mwina simudzapatsidwanso mpando wapamwamba, koma Sande Sukulu, kwaya ndi bwalo la m'mudzi zikusowa munthu wodziwa. A Stagg sanachite manyazi kutsika.

Tipemphe Ambuye atipatse kuona mtima kovomera chimene sitingathe, ndi kukhulupirika pa chimene anatipatsa. Amen.