Charles Lindbergh: maola 33 ndi theka akulimbana ndi tulo

Masiku ano ndege yonyamula anthu imatenga maola 7 kapena 8 kuchoka ku New York kukafika ku Paris, mtunda wa makilomita pafupifupi 5,800. Munthu woyamba kuuluka ulendowu osatera panjira anatenga maola 33 ndi theka, ndipo mdani wake wamkulu anali tulo.

Charles Lindbergh anabadwa pa 4 February 1902 ku Detroit, m'dziko la America. Anasiyira panjira maphunziro a kuyunivesite n'kukaphunzira kuyendetsa ndege, kenako ankanyamula makalata pakati pa St. Louis ndi Chicago. Pa nthawiyo, mwini mahotela wina dzina lake Raymond Orteig anali atalonjeza madola 25,000 kwa amene angauluke pakati pa New York ndi Paris osaima. Anthu 6 anali atafa kale pofuna mphothoyi.

Ndege yake, Spirit of St. Louis, inali ya injini imodzi. Anasiya wailesi ndi parachuti kuti ipepuke, n'kuthira mafuta malita pafupifupi 1,700. Ananyamuka yekhayekha m'mawa wa pa 20 May 1927, atachezera usiku wonse osagona. Anakhotera kumpoto, kudzera ku Newfoundland ndi Ireland. Pamapu njirayi imaoneka yozungulira, koma ndiyo yachidule chifukwa dziko ndi lobulungira. Mukakunga ulusi pakati pa malo awiri pampira mudzaona zomwezi.

Ali pamwamba pa nyanja ya Atlantic, tulo tinamugwira. Ankatsegula zikope ndi zala, ankalola mphepo yozizira kumuomba kumaso, mpaka anayamba kuona zinthu zangati mizukwa m'ndegemo. Ubongo ukasowa tulo umazima kwa masekondi angapo mwiniwake osadziwa, ndipo ofufuza anapeza kuti munthu amene watha maola 24 ali maso amachita zinthu mochedwa ngati woledzera. Lindbergh anatera pabwalo la Le Bourget usiku wa pa 21 May, atatha maola pafupifupi 55 osagona. Anali ndi zaka 25.

Kutchuka kunadza ndi mavuto. Mu 1932 mwana wake woyamba anabedwa n'kuphedwa. Mu 1941 mbiri yake inaipa atanena pagulu kuti Ayuda ndi ena mwa amene akukankhira America kunkhondo. Komabe anathandizapo pa zachipatala. Matenda a mtima a mlamu wake anamuchititsa kugwira ntchito ndi dokotala Alexis Carrel, ndipo mu 1935 anapanga pampu yagalasi yosunga chiwalo chamoyo kunja kwa thupi. Anamwalira ndi khansa ku Hawaii pa 26 August 1974.

Lindbergh anapulumuka mwamwayi. Dalaivala wonyamula wodwala usiku, kapena kholo loyendetsa galimoto ulendo wautali ndi ana, asadalire mwayi wotere: maso akayamba kulemera, aime pamalo abwino n'kugona kaye.