Robert Stirling, Mbusa Wopanga Injini

Robert Stirling anabadwa m'chaka cha 1790 pafupi ndi mudzi wa Methven m'dziko la Scotland. Atatsiriza maphunziro ake ku Edinburgh ndi ku Glasgow, anadzozedwa ubusa nayamba kutumikira mpingo wa ku Kilmarnock.

Masiku amenewo makina ambiri ankayendera nthunzi. Nthaŵi zina ziŵiya zoŵiritsiramo madzi zinkaphulika ndi kupha antchito. M'chaka cha 1816 Stirling anatulukira injini ya mtundu wina, yosalira nthunzi.

Injiniyi inali ndi mpweya wotsekeredwa m'kati mwa chitsulo chonga mtondo. Mbali imodzi ankaitenthetsa ndi moto wosonkhera kunja, pamene inayo inkakhala yozizira. Mpweya ukatentha unkafufuma ndi kukankha pisitoni, imene imayenda ngati munsi. Ukazizira unkaphwa, ndipo pisitoniyo inkabwerera. Motero gudumu linkazungulira, koma mpweya uja sunkatuluka ayi.

M'chaka cha 1818 injini yotere inapopa madzi pamalo ena okumbapo miyala. Pambuyo pake mng'ono wake James anapanga ina yaikulu ku Dundee. Tsoka ilo, zitsulo za nthaŵi imeneyo sizinkapirira moto waukulu. Zinkang'aluka, ndipo injiniyo anaisiya.

Stirling anapitiriza ubusa kufikira anamwalira ku Galston m'chaka cha 1878. Nzeru zake sizinafe naye. Lero amisiri amapanga injini zotere ndi zitsulo zolimba, nathiramo mpweya wa heliyamu umene suyaka moto. Zina zimayendetsa sitima zapansi pa madzi za ku Sweden, ndipo zonse zimatchedwabe ndi dzina lake.