James Watt, Mmisiri Amene Anayamba ndi Kukwecha Dzimbiri

Munthu woyenda ku Biwi, mumzinda wa Lilongwe, amaona anyamata m'magalaja ali kalikiliki kukwecha dzimbiri pazitsulo za magalimoto. Ambiri a iwo ndi ongotsiriza kumene sukulu, ndipo ntchitoyi amaiyesa chilango chimene mwini galaja amapatsa wophunzira asanamulole kugwira sipanala. Komatu James Watt wa ku Scotland, amene dzina lake limaimiridwa ndi chilembo cha W pababu la magetsi, anayambira pantchito yonyozeka yomweyi.

Watt anabadwa pa 19 Januwale 1736 m'tauni ya Greenock. Anali mwana wodwaladwala, mwakuti poyamba anaphunzitsidwa ndi amayi ake kunyumba. Bambo ake anali okhoma zombo, ndipo kuntchito kwawoko ndi kumene mnyamatayo anazolowerera tupa ndi nyundo. Nkhani ija yakuti anatulukira mphamvu ya nthunzi poyang'ana chivindikiro cha ketulo ndi nthano chabe, ngakhale aphunzitsi ena amaikonda. Injini ya nthunzi ya Thomas Newcomen inali itayamba kale kupopa madzi m'migodi ya ku England mu 1712.

Mu 1755 anapita ku London, kumene anaphunzira kwa chaka chimodzi kusula zipangizo zamkuwa zoyezera, monga makampasi ndi masikelo. Atabwerera kwawo, mwayi unamupeza m'njira yosayembekezeka. Yunivesite ya Glasgow inalandira zipangizo zoonera nyenyezi zimene anasiya Alexander Macfarlane, wamalonda wa ku Jamaica, amene chuma chake chinachokera m'thukuta la akapolo a ku Africa. Zipangizozo zinafika zitaonongeka ndi chinyezi cha mchere paulendo wa panyanja. Watt anazimasula, anazikwecha, nazipukuta mpaka zinayambanso kunyezimira ndi kuyenda bwino. Anamulipira mapaundi 5, koma mphotho yeniyeni inali yakuti mu 1757 akuluakulu a yunivesite anamupatsa chipinda chogwiriramo ntchito pasukulu pomwepo.

M'chipinda chimenecho ndi mmene John Anderson, mphunzitsi wa sayansi, anamubweretsera kainjini kakang'ono ka Newcomen m'nyengo yozizira ya 1763. Kanali kophunzitsira ophunzira m'kalasi, ndipo silinda yake yamkuwa inali mainchesi 2 okha m'mimba mwake. Watt anakakonza, koma akasonkha moto kankangoyenda kangapo n'kuima, nthunzi itatha. Mmisiri wina akanangokapukuta kuti kawale, n'kukabweza, n'kulandira zake. Iye anafuna kudziwa kumene nthunziyo inkathera.

Kayendedwe ka injiniyo kanali kotere. Nthunzi inkalowa m'silinda, kenaka ankawazamo madzi ozizira kuti nthunziyo isanduke madzi, ndipo mpweya wakunja unkakankhira pisitoni pansi. Choncho silinda inkatenthedwa ndi kuziziritsidwa mosinthanasinthana, monga mayi amene angamathire madzi ozizira mumphika nthawi iliyonse phala likayamba kuwira. Nthunzi yambiri inkathera pongotenthetsanso chitsulo. Vutoli linalipo ndithu m'mainjini akuluakulu, koma linkabisika chifukwa eni migodi ankangowonjezera malasha. Kainjini kakang'ono sikakanatha kulibisa, poti kapu ya tiyi imazizira msanga kuposa mtsuko. Kuchepa kwake ndiko kunaulula chimene akatswiri sanachione kwa zaka 50.

Yankho linamufikira mu Meyi 1765, tsiku Lamulungu, akuwongola miyendo pabwalo la Glasgow Green: nthunzi izikazizira m'chotengera china chapambali, silinda ikhale yotentha nthawi zonse. Anayesa maganizowa ndi chipangizo chamkuwa chonga jekeseni wamkulu pamodzi ndi timalata, ndipo zinatheka.

Kuchoka pa kanthu kapatebulo kufika pa injini yeniyeni kunamutengera zaka zoposa 10, ndipo chomulepheretsa chinali kusalala kwa chitsulo. Osula a nthawi imeneyo sankatha kupanga silinda yaikulu yobulungira bwino m'kati mwake, motero nthunzi inkathawira m'mipata. Watt anayesa kutseka mipatayo ndi mapepala ngakhalenso zipewa zakale, koma osaphula kanthu. Ngongole zinamupana mpaka anayamba ntchito yoyeza malo okumbamo ngalande. John Roebuck, amene ankamuthandiza ndi ndalama, anagwa pamalonda, ndipo mu 1773 mkazi wa Watt anamwalira. Chaka chotsatira anasamukira ku Birmingham kwa Matthew Boulton, mwini fakitale ya Soho. Kumeneko John Wilkinson, amene anali ndi makina oboolera mizinga ya nkhondo, anamuboolera silinda yosalala, ndipo mu 1776 injini zoyamba zinayamba kugwira ntchito. Eni migodi ankalipira gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama za malasha amene anapulumutsa.

Komabe injini zimenezi zinkangokwera ndi kutsika ngati musi mumtondo, pamene eni mafakitale ankafuna zozungulitsa makina. Apa ndi pamene gudumu lolemera linalowera. Amene anaonapo chigayo cha dizilo amalidziwa gudumu limeneli: pisitoni imakankha modukizadukiza, koma gudumulo, chifukwa cha kulemera kwake, limasunga mphamvuyo n'kumaipereka pang'onopang'ono kuti makina asagwedezeke. Likakhala lopendekeka, kapena chitsulo chimene limazungulirapo chikakhala chokhakhala, makina onse amanjenjemera ndi kudyeka. Njira yapafupi yolumikizira pisitoni ndi gudumu inali italembetsedwa kale kuboma ndi James Pickard mu 1780. Watt sanafune kugawana naye phindu, ndiye mu 1781 analembetsa njira yake ya magiya awiri, ina yozungulira inzake monga dziko lizungulira dzuwa.

Munthuyu anali ndi zofooka zake. Cha m'ma 1784 wantchito wake, William Murdoch, anapanga kangolo kakang'ono ka magudumu atatu koyenda ndi nthunzi. Watt, amene moyo wake unasinthidwa ndi kanthu kotere, sanakondwere nako. Ankaopa nthunzi yamphamvu kwambiri, ndiponso sankafuna kutaya mmisiri wabwino, choncho iye ndi Boulton anamugwetsa mphwayi. Ulemu woyendetsa injini panjanji unapita kwa Richard Trevithick mu 1804.

Mbiriyi imakhudzanso Malawi. Anderson uja, amene anabweretsa kainjini kaja, pomwalira mu 1796 anasiya chuma choyambitsira sukulu ku Glasgow, ndipo kumeneko ndi kumene David Livingstone anayamba maphunziro a udokotala mu 1836. Sitima ya nthunzi ya Ilala, imene amishoni anabwera nayo pokumbukira Livingstone, inalowa m'nyanja ya Malawi mu 1875.

Watt anapuma pantchito mu 1800 ali wolemera, koma sanasiye tupa. Anakonza kachipinda pamwamba pa nyumba yake ya Heathfield, mmene ankakhala akuyesa makina osemera zifaniziro. Anamwalira pa 25 Ogasiti 1819 ali ndi zaka 83. Kachipindako kanakhala kotseka kwa zaka zambiri, ndipo mu 1924 katundu wake yense anasamutsidwira ku Science Museum mumzinda wa London. Kainjini ka Newcomen kaja kakusungidwa ku Hunterian Museum, pa Yunivesite ya Glasgow.