Francis Galton: katswiri woyeza amene anasokera pomasulira

Wophunzira aliyense amene anaikapo timadontho pa galafu m'kalasi ya masamu, n'kumayang'ana ngati tikukwera kapena tikutsika, akuyenda mu njira imene anailambula Francis Galton. Mkuluyu anabadwa pa 16 February 1822 kufupi ndi mzinda wa Birmingham ku England, m'banja lolemera. Anali msuweni wa Charles Darwin, chifukwa onse awiri anali adzukulu a Erasmus Darwin.

Galton anaphunzira za udokotala, komanso masamu ku Cambridge. Bambo ake atamwalira mu 1844 n'kumusiyira chuma, za udokotalazo anazisiya. Pakati pa 1850 ndi 1852 anayendera dera limene lero ndi dziko la Namibia, ndipo atabwerera kwawo moyo wake wonse unathera pa kuyeza ndi kuwerengera zinthu.

Funso limene linkamusowetsa tulo linali lakuti: kodi mwana amatengera makolo ake mpaka pati? Pofuna yankho, anasonkhanitsa misinkhu ya makolo a m'mabanja 205 ndi ya ana awo achikulire 928. Anajambula tebulo, mbali ina msinkhu wa makolo, mbali ina wa ana, ndipo anaona kuti manambala aunjikana mopendekera, kukwera chakumanja. Zotsatira zake, zimene anasindikiza mu 1886, zinali zakuti makolo ataliatali amabereka ana aatali ndithu, koma osafika pa iwo. Makolo akaposa msinkhu wa anthu ambiri ndi mainchesi atatu, ana awo ankauposa ndi mainchesi pafupifupi awiri.

Mu 1888 anapita patsogolo. Anayerekeza msinkhu wa munthu ndi kutalika kwa mkono wake kuchokera pa chigongono kufika kunsonga ya chala chapakati, ndipo anapeza kuti mgwirizano wa ziwirizi ungathe kulembedwa ndi nambala imodzi, pafupifupi 0.8. Apa ndi pamene panachokera correlation. Mnzake Karl Pearson anadzakonza njira yowerengera r imene tikugwiritsa ntchito lero. Timadontho tikandandalika pafupi ndi mzere wokwera, r amayandikira 1. Tikatsata mzere wotsika, amayandikira -1. Tikangomwazika ngati mchenga, amakhala pafupi ndi 0.

Koma nambala imeneyi imangonena kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi. Sinena kuti china chikuyambitsa chinzake, ndipo apa ndi pamene Galton yemwe anapunthwa. M'buku lake la 1869, Hereditary Genius, anaonetsa kuti oweruza milandu, andale ndi asayansi otchuka ambiri anali ndi achibale otchukanso. Iye anati nzeru zili m'magazi. Sanalabadire mokwanira kuti anthu a m'banja limodzi amagawananso chuma, sukulu zabwino ndi abwenzi aulamuliro, zinthu zimene mwana wa mmphawi analibe.

Mu 1883 anayambitsa mawu akuti eugenics, chiphunzitso chakuti anthu amene akuonedwa ngati apamwamba ndiwo azibereka kwambiri. Ena anachitenga n'kupita nacho kutali. Mu 1907 boma la Indiana ku America linakhazikitsa lamulo lotseka anthu ena mokakamiza kuti asabereke, ndipo Germany inachita chimodzimodzi mu 1933.

Galton anamwalira pa 17 January 1911, wopanda mwana. Mu 2020, University College London inachotsa dzina lake pa chipinda chophunzirira chifukwa cha chiphunzitso chimenechi. Komabe njira yake yoyezera ikugwirabe ntchito m'zipatala, m'minda yoyesera mbewu ndi m'makalasi athu.

Choncho pamene mwajambula timadontho n'kupeza r wamkulu, ntchito siinathe. Dzifunseni ngati palibe chinthu chachitatu chimene chikukoka ziwirizo, ndiponso ngati anthu amene mwawayeza akuimiradi anthu onse. Galton ankadziwa kuwerengera kuposa ambiri a ife, koma mafunso awiriwa sanawapatse malo okwanira, ndipo amene anavutika nazo anali anthu ena.