William Durand: Kuchokera Panyanja Kufika Mumlengalenga

William Frederick Durand adabadwa pa 5 Malichi 1859 m'chigawo cha Connecticut, m'dziko la United States. Pa nthawiyo kunalibe ndege ngakhale galimoto, ndipo anthu ankawoloka nyanja zikuluzikulu pa sitima zoyendera mphepo kapena nthunzi.

Atatsiriza sukulu ya sekondale, Durand adalowa sukulu ya asilikali apamadzi mumzinda wa Annapolis. Kumeneko adaphunzira za mainjini a sitima. Adamaliza maphunziro ake m'chaka cha 1880, ndipo adakhala wachiwiri m'kalasi mwake.

Ntchito ya injiniya wa sitima sinali yamasewera. Pansi pa sitima ankasonkha moto wamalasha umene unkawiritsa madzi. Nthunzi yotuluka m'madziwo inkayendetsa injini, ndipo injiniyo inkazunguza pulopela. Pulopela ndi chipangizo chokhala ndi mapiko opindika. Ikamazungulira imakankhira madzi kumbuyo, motero sitima imapita kutsogolo. Injini ikafa pakati pa nyanja, miyoyo ya anthu onse inkakhala pachiswe.

M'chaka cha 1887, Durand adasiya usilikali nayamba uphunzitsi pa koleji ina ku Michigan. Mu 1891 adapita ku yunivesite ya Cornell, kumene ankaphunzitsa za mainjini a sitima ndi kufufuza za mapulopela. Mu 1904 adasamukira ku yunivesite ya Stanford, ku California, monga pulofesa wa zamakina.

Chaka chimodzi asanasamuke, mu 1903, Orville Wright ndi mkulu wake Wilbur adaulutsa ndege yawo yoyamba. Ndege za masiku amenewo zinkayendera mapulopela amatabwa, koma amisiri anali asanadziwe bwino kasemedwe koyenera. Pulopela yosemedwa molakwika inkawononga mphamvu ya injini pachabe.

Apa nzeru zapanyanja zidathandiza. Durand ankadziwa kuti pulopela ya ndege imakankha mpweya monga momwe ya sitima imakankhira madzi. Iye ndi mphunzitsi mnzake, Everett Lesley, adamanga chipaipi chachikulu chodutsamo mphepo yamphamvu. M'menemo ankaikamo timapulopela tosiyanasiyana, kamodzikamodzi, n'kuyeza mphamvu ya kalikonse. Ntchitoyi idatenga zaka zambiri, koma zimene adapeza zidathandiza opanga ndege kusankha pulopela yoyenera popanda kungoganizira.

Mu 1915 boma lidakhazikitsa bungwe lofufuza za ndege lotchedwa NACA. Durand adali mmodzi wa mamembala ake oyamba, ndipo adalitsogolera kuyambira 1916 mpaka 1918. Patapita zaka, bungweli lidasanduka NASA, imene idatumiza anthu kumwezi.

Durand adapuma pa ntchito ya uphunzitsi mu 1924, koma sadapinde manja. Adalangiza boma pa zomanga damu lalikulu la Hoover pa mtsinje wa Colorado. Adasonkhanitsanso zolemba za akatswiri a m'maiko osiyanasiyana kukhala mabuku 6 ofotokoza za kauluke ka ndege.

Mu 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, NACA idamuitananso. Pamenepo n'kuti ali ndi zaka 82. Adamupempha kutsogolera komiti yofufuza za injini ya jeti, imene imaulutsa ndege popanda pulopela. Munthu amene adathera moyo wake pa mapulopela sadakane chinthu chatsopanocho. Adavomera, nagwira ntchitoyo mwakhama.

Durand adamwalira pa 9 Ogasiti 1958 ali ndi zaka 99. Ku Stanford kuli nyumba yophunziriramo imene imatchedwa ndi dzina lake.

Mafunso

1. Kodi pulopela imayendetsa bwanji sitima?
2. Nanga Durand ndi Lesley ankayesa bwanji timapulopela tawo?
3. Ndi ntchito iti imene Durand adagwira ali ndi zaka 82?