Malemu Jaco Pastorius ndi gitala yake ya madola 90

Mukapita ku dansi kapena ku ukwati kumene kwabwera bandi, maso a anthu amakhala pa woyimba wa kutsogolo. Koma kumbuyo, pafupi ndi ng'oma, kumayima munthu wina atakolekera gitala ya khosi lalitali, ya nsambo zinayi zonenepa. Ameneyo ndiye wa besi, gitala ija pa Chipwitikizi amati viola baixo. Mawu ake ndi aakulu, omveka mpaka m'chifuwa. Iye akangoleka kuliza, ovina amadziwa pompo kuti ndiwo zasowa mchere.

Lero tikukambirani mbiri ya malemu Jaco Pastorius wa ku America, amene akatswiri ambiri a besi amamuwerengera kuti ndiye anasintha kayimbidwe ka chida chimenechi. Tikambanso za gitala yake yakutha imene anaigula motchipa, naikonza ndi manja ake, kenaka inabedwa ndipo inapezeka mwini wake ali m'manda.

Anayamba ndi ng'oma

Dzina lake lonse linali John Francis Anthony Pastorius. Anabadwa pa 1 Disembala 1951 ku Norristown m'chigawo cha Pennsylvania. Bambo ake, a Jack Pastorius, anali oyimba komanso oliza ng'oma. Mnyamatayu akali wamng'ono, banja lonse linasamukira ku Oakland Park pafupi ndi mzinda wa Fort Lauderdale m'chigawo cha Florida. Kumeneko ndi kufupi ndi nyanja ya mchere, kotentha ndiponso kwa chinyezi chaka chonse.

Potsata mapazi a bambo ake, Jaco anayamba ndi ng'oma. Koma ali ndi zaka 13 anavulala dzanja posewera mpira wa ku America uja wogwetsana, ndipo kuyambira apo dzanjalo linalibenso mphamvu yomenyera ng'oma monga kale. Bandi ya anyamata imene ankayimbamo, yotchedwa Las Olas Brass, inapeza wa ng'oma wina. Mwamwayi, wa besi wa bandiyo anachoka, malo natseguka. Jaco anapita ku sitolo ya pinyolo, nagula besi yamagetsi ya madola 15, ndipo anayamba kudziphunzitsa yekha pomvera wailesi ndi zimbale.

Atafika zaka 17 anakonda nyimbo za jazi. Nthawi imeneyo oyimba jazi ankagwiritsa ntchito besi yaikulu yamatabwa, yoyimika pansi, yotalika ngati munthu. Jaco anasunga ndalama mpaka anagula yake. Mawu ake anamukoma, koma chinyezi cha ku Florida sichinaimvere chisoni. Tsiku lina anadzuka m'mawa napeza thabwa lang'aluka. Ndalama zoikonzera analibe, motero anaisinthanitsa ndi besi yamagetsi ya Fender. Komabe mawu a besi yamatabwa ija sanachoke m'makutu mwake.

Anazula timizere ta pakhosi

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 anapeza besi ya mtundu wa Fender Jazz Bass yopangidwa mu 1962, yogwiritsidwa kale ntchito, pa mtengo wa madola 90. Iyi ndiyo inadzatchuka ndi dzina lakuti Bass of Doom.

Amene munagwirapo gitala mukudziwa kuti pakhosi pake pamakhala timizere tachitsulo topingasa. Chala chikadinda nsambo, kamzereko ndiko kamadula mawu pamalo oyenera, ngakhale chalacho chitaphonya pang'ono. Besi yamatabwa ija ilibe timizere totere, nchifukwa chake mawu ake amatha kutsetsereka kuchoka pena kufika pena osadukiza, monga amachitira mnyamata wa babatoni akamayendetsa botolo pa nsambo yake. Zimenezi ndizo Jaco ankafuna pa gitala yamagetsi.

Nkhani imene inafala ndi yakuti anazula timizere tonse ndi mpeni wa patebulo. M'ming'alu imene inatsala anamatamo phala la matabwa, kenaka khosi lonse analipaka guluu wolimba wa epoxy, uja amapaka maboti kuti madzi asalowe. Anapaka kangapo mpaka pakhosipo panauma gwa ndi kusalala ngati galasi.

Guluuyo anali ndi ntchito yake. Oyimba besi ambiri a kale ankakonda nsambo zosalala, zotulutsa mawu ofatsa. Jaco ankakonda nsambo za Rotosound za ku England, zokulungidwa ndi waya wokhakhala, zimene zimalira mowala koma zimadya thabwa ngati tupa. Popanda guluu uja khosi likanakumbika msanga. Pofuna kuisunga, poyeserera kunyumba ankakonda kugwiritsa ntchito besi ina ya timizere, ndipo yopanda timizereyo ankaitulutsa pojambula ndi poyimbira anthu. Pokuza mawu ankagwiritsa ntchito maampulifaya a Acoustic 360, okhala ndi sipika yaikulu ya mainchesi 18.

Luso la zala

Gitala yopanda timizere sibisa cholakwa. Chala chikapitirira pang'ono pokha, mawu amasokonekera ndipo aliyense amamva. Choncho dzanja lamanzere liyenera kudziwa malo ake ngati mmene mwendo umadziwira njira ya kudimba usiku. Jaco anafika poti ankadinda molondola ngakhale akudumpha pa nsanja.

Dzanja lamanja ankaliyika kumunsi, pafupi ndi pamene nsambo zamangidwa. Pamenepo nsambo imakhala yokungika kwambiri, ndiye mawu amatuluka othina ndi omveka bwino, osati ongogunda ngati bingu lakutali. Ankakodola ndi zala ziwiri mosinthanitsa, mwaliwiro. Pakati pa mawu enieni ankaponyamo timawu togogoda, totuluka pamene chala chatsekereza nsambo kuti isalire. Apa mpamene pankaonekera kuti munthuyu anayamba ndi ng'oma.

Luso lina limene linadabwitsa anthu ndi lotulutsa mawu onga belu pa gitala ya besi. Amene muli ndi banjo kapena gitala mungayese nokha. Gusani nsambo pakatikati penipeni ndi nsonga ya chala, osadinda mpaka pathabwa, kenaka kodolani ndi kuchotsa chalacho msanga. Mudzamva kaliwu kakang'ono kokwera. Mukagusa pa gawo limodzi la magawo atatu, kapena la magawo anayi, kamatuluka kena kokwera koposa. Oyimba ambiri ankagwiritsa ntchito timawu timeneti pongochuna gitala basi. Jaco anapeka nato nyimbo yathunthu, yotchedwa Portrait of Tracy, potengera dzina la mkazi wake woyamba.

Zonsezi sizinabwere mwa tsiku limodzi. Anayimba zaka zambiri m'mabala a ku Florida ndi m'sitima za alendo zoyenda pa nyanja ya Caribbean. Mu 1972 anali m'bandi ya Wayne Cochran and the C.C. Riders, imene inkayendayenda ndi kuyimba pafupifupi usiku uliwonse. Kumeneko ndiko anakhwimira, naphunziranso kulemba nyimbo za malipenga.

Kutchuka

Chaka cha 1976 ndicho chinamutulutsa poyera. Chimbale chake choyamba, chotchedwa ndi dzina lake lomwe, chinayamba ndi nyimbo ya Donna Lee, nyimbo yothamanga imene inadziwika ndi katswiri wa chitoliro cha saxophone, Charlie Parker. Jaco anaiyimba pa besi mothandizidwa ndi ng'oma za manja zokha. Oyimba besi ambiri atamva sanakhulupirire kuti chida chawo chomwechi chingathe kuyankhula chotero. M'chaka chomwecho anamvekanso pa chimbale cha Pat Metheny cha Bright Size Life ndi cha mayi Joni Mitchell cha Hejira.

Mu 1976 momwemo analowa m'bandi yotchuka ya Weather Report, yotsogozedwa ndi Joe Zawinul ndi Wayne Shorter. Kukumana kwake ndi Zawinul kumakambidwabe. Bandiyo itatha kuyimba ku Miami, mnyamata wosadziwikayu anapita kukadziwonetsa kwa mkuluyo, nadzitchula yekha kuti ndiye woposa onse pa besi pa dziko lapansi. Zawinul poyamba anamuthamangitsa, koma pambuyo pake analandira tepi yake. Atamvera, anaganiza kuti akumva besi yamatabwa, mpaka anamufunsa ngati amathanso kuliza yamagetsi. Umenewu unali umboni wakuti mpeni ndi guluu zija zinagwira ntchito.

Chimbale cha bandiyi cha 1977, Heavy Weather, chokhala ndi nyimbo za Birdland ndi Teen Town, chinagulidwa kwambiri kuposa zimbale zawo zonse. Tsopano anthu ankalipira pakhomo kuti akaone wa besi, munthu amene kale malo ake anali kumbuyo. Mu 1981 anatulutsa chimbale chake chachiwiri, Word of Mouth, ndipo atasiyana ndi Weather Report ankayimba ndi bandi yakeyake yaikulu ya malipenga.

Matenda ndi umphawi

Pa unyamata wake Jaco sankamwa mowa kapena kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Izi anaziyamba atatchuka. Pa ulendo wa ku Japan mu 1982 anzake anaona kuti zinthu sizili bwino. Anameta mpala, nadzipaka utoto kumaso, ndipo imodzi mwa magitala ake anaiponya m'nyanja ku Hiroshima.

Madokotala anapeza kuti anali ndi matenda a m'maganizo otchedwa bipolar. Wodwala matendawa nthawi zina amakhala ndi mphamvu zopitirira muyezo, osagona, kulankhula kosalekeza ndi kuchita zinthu zoopsa. Nthawi zina amagwa m'chisoni chachikulu, osafuna kanthu kalikonse. Mankhwala othandiza alipo, koma amafunika kumwa mosadukiza, ndipo mowa umawonjezera vutolo. Anthu ambiri ankangoona ngati ndi matama a munthu wotchuka. Eni malo oyimbira anayamba kumukana, makampani a zimbale namutaya. Munthu amene anayimbira zikwi za anthu anafika pogona m'mapaki a mu New York. Mu 1986 anagonekedwa masabata angapo pa chipatala cha Bellevue mumzindawo.

Gitala ija inavutika pamodzi ndi mwini wake. Inaphwanyika zidutswazidutswa, ndipo mmisiri wa magitala wa ku Florida, Kevin Kaufman, anailumikiza ndi guluu chidutswa ndi chidutswa, naikuta ndi thabwa lopyapyala kutsogolo ndi kumbuyo. Jaco anailandira ikuliranso bwino. Sipanapite nthawi, mu 1986 momwemo, anaisiya pa benchi m'paki ina ku Manhattan, ndipo wina anaitenga. Sanaionenso.

Anabwerera ku Florida. Usiku wa pa 11 Sepitembala 1987 anakwera pa nsanja pamene Carlos Santana ankayimba, ndipo alonda anamutulutsa. Anapita ku kalabu ina ya usiku ku Wilton Manors, kumene anamukaniza kulowa. Panabuka mkangano, ndipo wogwira ntchito pamalopo, amene anali wodziwa nkhonya za karate, anamumenya koopsa m'mutu ndi kumaso. Anagona chikomokere m'chipatala ku Fort Lauderdale mpaka pa 21 Sepitembala 1987, tsiku limene anamwalira. Anali ndi zaka 35, ndipo anasiya ana anayi. Womumenyayo anavomera mlandu wopha munthu mosakonzekera, koma anakhala m'ndende miyezi inayi yokha.

Gitala inabwerera

Kwa zaka pafupifupi 20 palibe wa m'banja lake amene ankadziwa kumene Bass of Doom inali. Mu 2006 inatulukira m'sitolo ina ya magitala ku New York. Mwini sitoloyo anakana kuibweza, ponena kuti anachita kugula, ndipo nkhani inafika ku khoti. Mu 2010 Robert Trujillo, woyimba besi wa bandi ya Metallica amene anakula akusirira Jaco, anatulutsa ndalama zake kuti mkanganowo uthe ndi kuti banja lithe kuigwiritsanso ntchito. Mwana wa malemuyo, Felix, amenenso ndi katswiri wa besi, anaiyimba pa chimbale cha bandi ya Yellowjackets cha 2013. Trujillo anathandizanso kupanga kanema wa mbiri ya Jaco amene anaonetsedwa koyamba mu 2014.

Luso lake linafika ndi kuno ku Africa. Richard Bona wa ku Cameroon anasiya gitala wamba natenga besi atamva chimbale cha Jaco mumzinda wa Douala. Bakithi Kumalo wa ku South Africa, amene besi yake yopanda timizere mumaimva pa chimbale cha Paul Simon cha Graceland cha 1986, nayenso amamutchula pakati pa anthu amene anatengerako nzeru.

Oyimba besi akakumana amakonda kukambirana za zida: nsambo ziti, ampulifaya iti, gitala ya chaka chiti, ndani akugulitsa, ndani akufuna kusinthana. Kampani ya Fender inafika mpaka popanga magitala otengera ya Jaco, ndi mikwingwirima yake yomwe. Ambiri agula zonsezi, koma mawu ake aja sanawapeze, pakuti anali m'zala ndi m'makutu a mnyamata amene anayeserera zaka zambiri pa gitala ya pa pinyolo.

Inu anyamata amene mukusema banjo ndi babatoni m'midzimu, musadziderere chifukwa chida chanu nchopanga nokha. Ndipo ife tonse, tikaona mbale wathu wayamba kusintha khalidwe, osagona, kulankhula zosadziwika mutu wake, tisamuseke kapena kumumenya. Timuperekeze ku chipatala nthawi ikadalipo. Gitala ya Jaco anailumikiza ndipo ikulirabe, koma mwini wake anapita ali ndi zaka 35 zokha.