Jim Thorpe, Katswiri wa Timu ya Carlisle

Jim Thorpe anabadwa m'chaka cha 1887 m'dera lomwe lero limatchedwa Oklahoma, ku United States. Iye anali wa fuko la Sac and Fox, limodzi mwa mafuko a eni nthaka amene azungu anawapeza m'dzikomo. Dzina lake la kumtundu linali Wa-Tho-Huk, kutanthauza njira yowala, koma ubwana wake unali wa maliro okhaokha. Anabadwa mapasa, ndipo mnzakeyo, Charlie, anamwalira ndi chibayo ali ndi zaka 9. Posakhalitsa mayi ake anatsatira. Mu 1904 anapita kusukulu ya Carlisle ku Pennsylvania, ndipo chaka chomwecho bambo akenso anamwalira.

Sukuluyi anaiyambitsa ndi msilikali wina, Richard Henry Pratt, mu 1879, ndi cholinga chovula ana a eni nthaka chikhalidwe chawo. Anawo ankawameta tsitsi, kuwaveka yunifomu ngati asilikali ndiponso kuwaletsa kulankhula zinenero za makolo awo. Komabe sukulu yomweyo inatchuka ndi mpira wachimereka, uja amathamanga nawo m'manja n'kumagwetsana. Anyamata a ku Carlisle anali ochepa matupi poyerekeza ndi a m'mayunivesite, choncho mphunzitsi wawo, Glenn Warner, anawazoloweza kudalira liwiro ndi kuzembaitsa mdani. Mu 1911 anapambana masewero 11 n'kugonja kamodzi kokha. Chaka chimenecho anagonjetsa Harvard 18-15, ndipo Thorpe anamenya mpira kanayi kudutsa pakati pa mitengo ya golo.

Chaka chachikulu pa moyo wake chinali 1912. Mu Julaye anapata mamendulo awiri agolide pa mpikisano wa Olimpiki ku Stockholm, m'dziko la Sweden, ina pa mpikisano wa masewero asanu, ina pa wa masewero khumi. Atabwerako anabwerera m'timu yake, yomwe inapambana masewero 12, kulepherana kamodzi ndi kugonja kamodzi, kwa University of Pennsylvania. Masewero amene anthu sanawaiwale ndi a pa 9 Novembala, pomwe Carlisle inakwapula sukulu ya asilikali ya West Point 27-6. Apa nkhani sinali ya mpira wokha. Panali patangopita zaka 22 chiphereni asilikali a dzikolo anthu ambiri a fuko la Lakota ku Wounded Knee, ndipo tsopano ana a eni nthaka anagonjetsa asilikali amawa pabwalo lawo lomwe. Mmodzi mwa ogonjawo anali Dwight Eisenhower, yemwe pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri wa dziko.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Mu Januwale 1913 nyuzipepala ina inaulula kuti mu 1909 ndi 1910 Thorpe ankalandira kandalama posewera baseball ku North Carolina. Masiku amenewo Olimpiki inali ya anthu osalipidwa. Ophunzira ambiri ankachita zomwezo pobisala m'maina abodza, koma iye anagwiritsa ntchito dzina lake lenileni. Anamulanda mamendulo, ngakhale kuti malamulo ankafuna kuti dandaulo liperekedwe pasanathe masiku 30.

Thorpe anapitiriza masewero olipidwa, ndipo mu 1920 anakhala mtsogoleri woyamba wa bungwe lomwe linadzasanduka NFL. Mphamvu zitatha, anavutika ndi umphawi komanso mowa, mpaka anamwalira pa 28 Malichi 1953 ku Lomita, ku California. Bungwe la Olimpiki linabweza ulemu wake mu 1982, koma linamulemba ngati wopambana pamodzi ndi ena. Mu 2022, patatha zaka 110, m'pamene linavomereza kuti pa mipikisano iwiri ija wopambana anali iye yekha.